Hezekiya, ngalande ndi kalata ya adani

Kudalira Mulungu kumayesedwa pa nthawi ya mantha, ndipo Mfumu Hezekiya ya ku Yuda inakumana ndi mayeso otere m'chaka cha 701 Khristu asanabadwe, pamene Senakeribu, mfumu ya Asuri, anaukira dziko lake. Zolemba za Senakeribu zimati analanda mizinda 46 ya malinga. Kugwa kwa mzinda wa Lakisi anakusemetsa pamiyala ya nyumba yake yachifumu ku Nineve, ndipo miyalayo lero ili ku British Museum mumzinda wa London. Yerusalemu ndiye anatsala.

Hezekiya sanangopinda manja. Anakonzetsa linga, anasulitsa zida, natseka akasupe a kunja kwa mzinda kuti adani asowe madzi. Amisiri ake anaboola thanthwe, nakumba ngalande ya mamita pafupifupi 533 yochokera ku kasupe wa Gihoni kukafika ku dziwe la Siloamu. Magulu awiri anayambira mbali zosiyana mpaka kukumana pakati, monga akufotokozera mawu omwe anapezeka pakhoma la ngalandeyo mu 1880. Madzi akuyendabe mmenemo. Mkhristu amene amaganiza kuti kukonzekera ndi kuchepa chikhulupiriro akulakwitsa, pakuti 2 Mbiri 32 imaika ntchito imeneyi pamodzi ndi mawu a mfumu olimbikitsa anthu kudalira Yehova.

Panalinso china chimene Hezekiya anayesa chifukwa cha mantha. Malinga ndi 2 Mafumu 18, anapereka kwa Senakeribu matalente 300 a siliva ndi 30 a golide, mpaka kukanganula golide wa pazitseko za Kachisi. Chumacho chinapita, koma gulu lankhondo linafikabe. Mkulu wa adani, Rabisake, anafuula m'Chiheberi kuti anthu wamba a pa linga amve. Ananyoza chithandizo cha Ejipito, nawakumbutsa kuti milungu ya mitundu ina inalephera kupulumutsa anthu ake.

Apa ndi pamene chidaliro chenicheni chinaonekera. Itafika kalata yoopseza yochokera kwa Senakeribu, Hezekiya anapita nayo ku Kachisi nakaitambasula pamaso pa Yehova. Sanachepetse vutolo. M'pemphero lake anavomera kuti Asuri anawonongadi mitundu yambiri, ndipo anapempha chipulumutso kuti maufumu onse adziwe kuti Yehova yekha ndiye Mulungu. Pemphero lotere ndi losowa, chifukwa ambiri akamapemphera amabisa kukula kwa chimene chikuwaopsa, ngati kuti Mulungu sangachisenze.

Mneneri Yesaya anatumiza yankho lakuti mdaniyo sadzaponya ngakhale muvi mumzindamo. Baibulo limati asilikali 185,000 a Asuri anafa usiku umodzi. Senakeribu, ngakhale amadzitama kuti anatsekera Hezekiya ngati mbalame m'khola, sanena paliponse kuti analanda Yerusalemu. Anabwerera ku Nineve, kumene anaphedwa ndi ana ake omwe m'chaka cha 681 Khristu asanabadwe.