Doko lili ku Beira, ife tikuloweza za ku Paris

Mu Julaye 2023, alendo olemekezeka ochokera ku Tanzania ali m'dziko muno, akuluakulu anaima pamaso pa atolankhani n'kulamula kuti Chiswahili chiyambe kuphunzitsidwa m'sukulu zathu, ati pofuna kuti malonda pakati pa maiko awiriwa aziyenda bwino. Nonse mukukumbukira. Tinaomba m'manja, mawailesi anaikamba nkhaniyi masiku angapo, alendo anakwera ndege, nkhani n'kuzizira. Lero pitani kusukulu ya boma kumene mwana wanu amaphunzira, mukafunse ahedi kuti mphunzitsi wa Chiswahili ndi uti, buku lake lili kuti, ndipo phunzirolo limakhalapo tsiku liti. Yankho lomwe mukalandire ndi lomwe landikwiyitsa mpaka kulemba izi.

Ndipo ngakhale lamulo lija likadatsatidwa mawa lake lomwe, bala lalikulu likadatsalabe. Bala limenelo ndi Chipwitikizi.

Tatengani mapu. Dziko la Mozambique latizinga kum'mawa, kumwera ndi mbali ina ya kumadzulo. Malire athu ndi dzikoli ndi otalika makilomita oposa 1,400, kuposa a Zambia ndi a Tanzania mutawaphatikiza. Ukatuluka pa Mwanza walowa Zobue, pa Dedza walowa Calomue, pa Muloza walowa Milange, pa Chiponde walowa Mandimba, pa Nayuchi walowa Entre Lagos. Feteleza yemwe mlimi amamudikira mvula isanagwe amatsikira ku Beira ndi ku Nacala. Gawo lina la mafuta omwe timagonera pamizere limadzera komweko, lina ku Dar es Salaam. Fodya, tiyi, shuga ndi nandolo wathu zimatulukira m'madoko omwewo. Njanji yochokera ku migodi ya malasha ku Moatize imadutsa m'dziko mwathu, pa Nkaya ndi pa Liwonde, kulowera ku Nacala. Nthambo zamagetsi zomwe takhala tikuziyembekezera zikuchokera ku Matambo, m'chigawo cha Tete, kudzafika ku Phombeya ku Balaka. Ngakhale mnyamata wokwera basi ya ku Joni amayenera kuoloka Zambezi pa Tete asanaone Nyamapanda. Mpweya wa chuma chathu umadutsa m'dziko lomwe malamulo ake, mafomu ake, malisiti ake ndi makhoti ake zili m'Chipwitikizi.

Nanga ife kwa zaka zonsezi chilandirireni ufulu mu 1964 takhala tikuphunzitsa chiyani m'masekondale? Chifalansa. Mwana amalemba Chifalansa pa mayeso a MSCE, m'dziko lomwe silinagundane malire ndi dziko lililonse loyankhula Chifalansa. Chifalansa sindidana nacho, ndipo yemwe akuchiphunzira apitirize, chidzamuthandiza ku mabungwe a maiko ndi ku Congo. Koma ngakhale ku Lubumbashi komweko, pamsika amayankhula Chiswahili. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Ife tinasiya wapamphuno n'kumathamangira wa kutsidya kwa nyanja zamchere.

Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiibwereza mpaka itopetse: munthu wosadziwa chiyankhulo cha komwe amagula ndi kugulitsa amalipira, ndipo amalipira ndi ndalama zenizeni.

Funsani dalaivala aliyense wa thanki kapena wa thiraki yemwe amayenda msewu wa Tete ndi Beira. Amuimitsa pamsewu, amuonetsa pepala, amuuza mlandu m'chiyankhulo chomwe sakumva. Sakudziwa ngati walakwadi kapena ayi, sakudziwa ngati chindapusa chomwe akumutchulira ndi chomwe chili m'malamulo, ndipo sangathe ngakhale kupempha lisiti mwaulemu. Kumbuyo kwake kuli katundu wa mamiliyoni ndi bwana yemwe akuimba foni. Amapisa m'thumba. Ndalama imeneyo siithera pamsewupo: imakalowa mu mtengo wa thumba la feteleza lomwe agogo anu akagule kumudzi. Kudoko nako, kontena ikachedwa chifukwa pepala lina linalembedwa molakwika ndipo mwini katundu sanathe kuliwerenga, tsiku lililonse lowonjezera limalipiridwa m'madola, madola omwewo tikuti akusowa m'mabanki.

Funsani mayi wa geni wochokera ku Mzuzu kapena ku Lilongwe yemwe amaoloka pa Songwe kukapikula zitenje, nsapato ndi ziwiya ku Kyela, ku Mbeya, mpaka ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam. Akangotsegula pakamwa ndi Chingerezi, wogulitsa wadziwa kale kuti uyu ndi mlendo, mtengo wakwera. Ndiye amagwira dobadoba woti azimuyankhulira. Dobadobayo amadya kuwiri, kwa mayiyo ndi kwa mwini sitolo, ndipo amangomutengera kumasitolo a anzake. Mayi uja sangathe kunenerera mtengo yekha, sangadandaule akamuikira katundu wachabechabe pansi pa belo, sangapange ubwenzi ndi wogulitsa woti tsiku lina adzamupatse katundu pangongole. Komanso kumeneko, monga kwathu kuno, sufikira kufunsa mtengo usanapereke moni, ndipo wamkulu amalonjeredwa mosiyana ndi mnzako. Ulemu umenewu ife Amalawi timaudziwa bwino. Koma tikalowa m'Chingerezi chathu cha m'kalasi timautaya, timaoneka amwano pomwe sitili amwano, ndipo wamwano sachotseredwa mtengo paliponse. Wamalonda wodziwa ntchito yake amadziwanso kuti Lachisanu masana eni masitolo ambiri a m'mbali mwa nyanja yamchere amakhala ali kumzikiti, ndipo m'mwezi wa Ramadan nthawi zogwirira ntchito zimasintha. Zimenezi palibe amatiphunzitsa. Timaziphunzira titaluza kale.

Tsono pali gulu la anthu lomwe limanditopetsa kwambiri, la ophunzira athu omwe amati Chingerezi n'chokwanira chifukwa dziko lonse lapansi limachiyankhula. Dziko lonse lapansi lake liti? Anthu amenewa Mozambique amamudziwa kuchokera pawindo la ndege. Amakumana ndi anzawo a ku Maputo m'mahotela, pamisonkhano pomwe pali womasulira wolipidwa ndi ena, n'kubwerako akuti kumeneko aliyense amamva Chingerezi. Sanaimepo pamzere pa Zobue dzuwa likuswa mtengo. Sanagonepo m'thiraki ku Beira kudikira chidindo. Saona ndalama yomwe ikutayika chifukwa siichoka m'thumba mwawo.

Vuto la anthu amenewa ndi lakuti Chingerezi anachisandutsa chipembedzo. Kwa iwo si chida chogwirira ntchito, ndi baji yosonyeza kuti iwo si anthu wamba. Tinakulira m'sukulu momwe mwana ankalangidwa akayankhula chiyankhulo cha amayi ake. Ukalephera Chingerezi pa MSCE, ngakhale ukhoze masamu ndi sayansi, satifiketi palibe. Malamulo a dziko amati wofuna kukhala phungu adziwe Chingerezi. Kuyambira 2014 anatiuza kuti mwana wa Sitandade 1 aziphunzitsidwa m'Chingerezi. Tinafika pophunzitsa ana Chilatini ndi Chigiriki chakale ku Mtunthama kuyambira 1981, ziyankhulo zomwe palibe doko lililonse padziko lapansi limalembera mapepala ake. Zonsezo sitinazione zachilendo. Koma wina akangotchula Chiswahili kapena Chipwitikizi, anthu omwewo amakwinya nkhope, ati chimenecho n'chiyankhulo cha madalaivala ndi mavenda. Inde, n'cha madalaivala ndi mavenda, omwe amabweretsa mafuta a galimoto yomwe mumakwera ndi suti yomwe mumavala ponyozapo. Manyazi bwanji osakugwirani?

Ndipo kunyozako kulibe ngakhale nzeru za ophunzira. Chipwitikizi n'chiyankhulo cha Angola ndi Brazil, ndipo kampani yomwe inamanga njanji ya malasha ija inachokera ku Brazil komweko. Bungwe la SADC limagwira ntchito m'Chingerezi, Chifalansa ndi Chipwitikizi, ndipo mu Ogasiti 2019, pamsonkhano wa ku Dar es Salaam, linawonjezera Chiswahili. Bungwe la African Union linachita chimodzimodzi mu Febuluwale 2022. UNESCO inakhazikitsa 7 Julaye kukhala tsiku la Chiswahili padziko lonse. Ntchito zikatuluka ku Gaborone kapena ku Addis Ababa, mwana wathu amapita ndi digiri yabwino ndi chiyankhulo chimodzi, n'kukapikisana ndi wa ku Rwanda kapena ku Mozambique yemwe ali ndi ziwiri kapena zitatu. Akabwerako chimanjamanja timati kuli tsankho.

Ena amati ana athu akulephera kale Chingerezi, ndiye tiwasenzetsenso katundu wina? Mawu amenewa amanyoza ana. Mwana wa ku Karonga amakula akuyankhula Kyangonde, Chitumbuka ndi Chichewa, ndipo akamacheza ku Songwe amatolanso Chiswahili popanda bolodi kapena choko. Mwana wa ku Mangochi ali ndi Chiyao ndi Chichewa asanayambe sukulu. Mitu ya ana athu ilibe vuto. Vuto ndi kalasi yodzaza ana oposa 100, mphunzitsi mmodzi, buku limodzi pa ana khumi. Musabise kulephera kwanu kumbuyo kwa ana. Komanso ndani wanena kuti nkhaniyi ndi ya ana okha? Dalaivala, kalaliki wa kasitomu, wapolisi wa pachipata ndi mayi wa geni safuna digiri. Amafuna miyezi yochepa ya maphunziro a madzulo, pomwe angaphunzire manambala, mitengo, mawu a pa fomu ndi kayankhulidwe kaulemu. Masukulu a ntchito zamanja omwe amaphunzitsa ukalipentala ndi kuwotcherera zitsulo angalephere zimenezi?

Palinso oti kutsidyako ndi abale athu, amamva Chichewa. N'zoona, ku Angonia ndi madera ena a Tete mumayankhulana bwinobwino, ku Milange Mlomwe ali kwawo, ku Niassa Myao ali kwawo. Pogula mbatata ndi nyemba pamsika wa pamalire zimenezo zimakwanira. Koma pepala la kasitomu silinalembedwe m'Chinyanja. Mgwirizano wa malonda sulembedwa m'Chilomwe. Ukafika ku Nacala wapeza Amakhuwa, ku Beira wapeza Asena ndi Andau, ndipo ofesi iliyonse ikufuna Chipwitikizi. Kumbukiraninso kuti Mozambique ndi Tanzania onse sali mu COMESA, kotero njira zopepukira amalonda ang'onoang'ono zomwe timadalira pa Mchinji sizigwira ntchito chimodzimodzi pa Mwanza kapena pa Songwe. Apo ndi pamene pafunika munthu wodziwa kuwerenga lamulo la eni dziko. Za oti foni idzatimasulira sinditayapo nthawi: akayese kusainira katundu wa madola zikwizikwi podalira foni, pamalo pomwe netiweki yake ndi ya dziko lina.

Omwe amandimvetsa chisoni ndi oti sitingaphunzire Chiswahili chifukwa eni ake akulimbana nafe za nyanja, kapena chifukwa chinabwera ndi a Jumbe ku Nkhotakota ndi Mlozi ku Karonga pa nthawi ya ukapolo. Mbiri imeneyo ndi yoona ndipo ndi yowawa. Koma Chingerezi chomwe mukuchikumbatiracho chinabwera ndi ndani? Chinabwera ndi msonkho wa nyumba ndi thangata. Ndipo ngati tili pa mkangano wa nyanja, womwe muzu wake ndi pangano la Angerezi ndi Ajeremani la 1890, ndiye chifukwa chake chenicheni chophunzirira Chiswahili. Aphungu a ku Dodoma amakambirana m'Chiswahili, nyuzi zawo zambiri zili m'Chiswahili. Iwo amawerenga zonse zomwe ife timalemba m'Chingerezi. Ife sitimva zomwe iwo akuuzana. Ndani ali pabwino pamenepo?

Za Chitchaina nkhani ndi yomweyo. Chiyambireni ubale ndi China kumapeto kwa 2007, amalonda athu akhala akupita ku Guangzhou ndi ku Yiwu kukanenerera mitengo pa kakyuleta, ndipo makampani a kumeneko ali pa misewu ndi zomangamanga zathu. Pokambirana, womasulira nthawi zambiri amakhala wolembedwa ntchito ndi mbali inayo. Womasulira yemwe amalandira malipiro kwa mnzako wapamalonda si wako, ngakhale akusekerere bwanji. Ndipo aphunzitsi a Chitchaina omwe alipo anachita kubwera nawo eni ake. Ife tinangokhala n'kumadikira.

Akuluakulu adzati aphunzitsi kulibe. Limenelo ndi bodza lomwe limandipsetsa mtima koposa onse. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1990 dziko lino linasunga anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ku Mozambique. Tinakwatirana nawo, ndipo m'maboma a Nsanje, Mwanza, Dedza, Ntcheu ndi Mulanje muli anthu ambiri odziwa Chipwitikizi mpaka lero. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, kuli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, oyankhula Chiswahili ndi Chifalansa, ena mwa iwo aphunzitsi ophunzira bwino. Chaka chomwecho cha 2023 chomwe tinalonjeza Chiswahili m'sukulu, tinali kalikiliki kuwakweza m'malole kuwabwezera kumsasa, komwe malamulo sawalola kutuluka kukagwira ntchito. Dzanja lina likusaina lonjezo, lina likutsekera aphunzitsi kumpanda.

Sindikupempha kuti sukulu zonse ziyambe nthawi imodzi. Yambani ndi Chipwitikizi m'masekondale a Mwanza, Dedza, Mulanje, Nsanje, Machinga ndi Mangochi. Yambani ndi Chiswahili ku Karonga ndi ku Chitipa. Aliyense wolembedwa ntchito pachipata cha dziko kapena ku ofesi ya kazembe wathu ku Maputo ndi ku Tanzania ayambe walemba mayeso a chiyankhulo cha kumeneko, ndipo wolephera asapite, kaya ndi mwana wa ndani. Makampani a mathiraki ndi mabungwe a amalonda, omwe amadziwa bwino ndalama zomwe akutaya, alipirire antchito awo maphunzirowa osadikira boma. Ndipo aphungu a m'maboma a m'malire, pokambirana bajeti ikubwerayi, afunse poyera kuti ndalama zophunzitsira aphunzitsi a ziyankhulo ziwirizi zili pa tsamba liti, ndipo asakhale pansi mpaka atawaonetsa tsambalo.