Modemu ya amalume sinafe yokha

Tiyeni tinene chilungamo, abale anzanga. M'matauni mwathu muno mwalowa kachizolowezi koipa, koti munthu akangodandaula kuti makina ake akale akukanika ntchito, ife timathamangira kumuseka ndi kumuuza kuti tsabola wakale sawawa, akagule atsopano. Ine ndinali m'gulu la osekawo mpaka mwezi watha, pamene amalume anga anandiitana kuti ndikawalumikizire kompyuta yawo ku intaneti.

Amalumewa ndi mmodzi mwa aja anathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi, nakakhala ku Lusaka, n'kubwerera mu 1994. Kompyutayo anaigula mu 1999, ya Windows 98, ndipo mpaka lero amaifunditsa chitenje ngati mwana wakhanda. M'menemo muli mbiri ya moyo wawo wa kuchilendo imene akhala akulemba pang'onopang'ono. Chimene ankafuna n'chochepa zedi: kutumiza kalata ya masamba awiri kwa mnzawo amene anatsalira ku Zambia, yemwe tsopano akudwala.

"Iwe unapita ku yunivesite," anatero. "Tandilumikizira mawayawa, alire monga ankalirira kale."

Sindinawakumbutse kuti yunivesiteyo ndinaisiyira panjira m'chaka chachiwiri. Ndinangovundukula chitenje chija n'kuyamba ntchito.

Kwa inu amene munabadwa foni ya m'manja ilipo kale, njira imeneyi ankaitcha dial-up, ndipo nkhani yake ndi yakuti kompyuta imaimba lamya. Modemu ndi kabokosi kamene kamasandutsa manambala a m'kompyuta kukhala phokoso loyenda pa waya wa telefoni ya m'nyumba, ndipo kutsidya kumakhala modemu ina yobweza phokosolo kukhala manambala. Kulira kuja kumene amalume amakukumbukira ndi mamodemu awiri akupatsana moni ndi kumvana za liwiro limene ayendere.

Kulumikiza kwake sikufuna digiri. Waya wochokera kukhoma umalowa pa bowo la modemu lolembedwa Line, osati lolembedwa Phone. Modemu imalumikizidwa kumbuyo kwa kompyuta, ndipo pulogalamu yoiyendetsa imachokera pa CD, imene amalume anali ataisunga m'envulopu. Kenako umatsegula Dial-Up Networking, n'kusankha Make New Connection, n'kulemba nambala ya kampani yogulitsa intaneti, dzina lako ndi mawu achinsinsi. Zonsezi ndinachita, nyali za modemu zinayaka bwinobwino. Koma nditadina kuti iimbe, pa sikirini panabwera nambala 680, kutanthauza kuti modemu yamvetsera pa waya ndipo yapeza kuli zii. Lamya ya m'nyumbamo inaleka kulira zaka zapitazo akuba atadula mawaya a kopa m'mapolo a mumsewu wathu, ndipo sanabwezeretsedwe. Nambala imene amalume analemba pachikuto cha kope nayonso ndi ya kampani imene inasiya kalekale kuyankha mamodemu.

Sindinagonje. Ndinanyamula bokosilo kupita nalo kwa mnzanga wokonza makompyuta, tinaikamo kadi yolumikizira waya wa intaneti ya masiku ano. Kompyuta inalowa ndithu pa intaneti, koma khomo lililonse limene tinagogoda linali lokhoma. Internet Explorer ya nthawi imeneyo sidziwa njira zatsopano zotetezera uthenga zimene pafupifupi tsamba lililonse likufuna lero. Tinamaliza n'kutulutsa diski m'kompyutamo, kukopera kalata ija, ine n'kuitumiza pa foni yanga.

Tsono mverani masamu awa, chifukwa ndi amene anandichotsa m'gulu la oseka. Modemu yothamanga kwambiri ya nthawi imeneyo, ya muyezo wa V.90 umene unakhazikitsidwa mu 1998, inkakoka makilobiti osapitirira 56 pa sekondi, ndiye kuti zilembo pafupifupi 7,000. Kalata ya amalume ikanadutsa m'masekondi ochepa chabe. Nkhani mukuwerengayi, mawu ake okha, ikanafika pasanathe masekondi 2. Koma malinga ndi oyeza a HTTP Archive, mu 2024 tsamba wamba la pa intaneti linkalemera mamegabaiti oposa 2. Pa modemu ya amalume amenewo ndi mphindi 5 kapena kuposa, kudikira tsamba limodzi! Kodi chawonjezeka n'chiyani? Nzeru? Ayi. Mawu ndi omwe aja. Chawonjezeka ndi zithunzi zikuluzikulu, makanema odziyambira okha, malonda, ndi timapulogalamu tozonda kumene mwachokera ndi kumene mukupita.

Ndipo katundu ameneyu amalipira ndani? Ndinu, ndi ine. Kuno ambiri a ife intaneti timagula ngati mafuta ophikira a m'timapepala, bandulo ya lero lokha. Mukafuna kungoona chidziwitso cha mizere isanu, mumakakamizika kusenza mtolo wonse, ndipo bandulo ikatha mumadzida nokha kuti ndinu osasamala. Amene anatsekera amalume kunja ndi omwewo akukudyerani ndalama m'thumba, kungoti inu sanakutsekereni chitseko, akukulipiritsani pakhomo.

Ena anena kuti mtolankhani uyu wapenga, akufuna atibwezere m'mbuyo. Ndisanamizidwe. Dial-up inali ndi mavuto ake ndipo sindikuilira. Kompyuta ikakhala pa intaneti lamya inkakhala yotanganidwa, wodwala sakanakupezani. Bilu inkawerengedwa pa mphindi, ndipo wina akanyamula telefoni m'chipinda china zonse zinkaduka. Inalinso ya anthu ochepa okhala ndi lamya m'nyumba, pamene foni ya m'manja yafika mpaka kumudzi kwa agogo. Za chitetezo nazonso ndikuvomera: Microsoft inasiya kusamalira Windows 98 mu 2006, ndipo munthu wanzeru sangatumize ndalama pa makina otere. Loko watsopano ndi wofunika. Koma loko salemera mamegabaiti. Tsamba likhoza kukhala lotetezedwa komanso lopepuka, ndipo amene akutiuza kuti ziwirizi siziyendera limodzi akutinamiza masanasana.

Umboni ulipo. Wailesi ya NPR ndi kanema wa CNN ku America onse ali ndi masamba a mawu okhaokha, amene amathandiza kwambiri nthawi ya mphepo zamkuntho pamene netiweki yafooka. Ngati olemera amadziwa kupepuza katundu zinthu zikawavuta, nanga ife amene netiweki yofooka ndi chakudya chathu cha tsiku ndi tsiku tikulemetseranji? Koma mphepo ikuwombera kwina. Mu 2024 Google inachotsa Gmail yopepuka ija imene inkathandiza a intaneti yochedwa. Pa 30 Sepitembala 2025 kampani ya AOL inatseka dial-up yake, nyuzi zambiri n'kulemba ngati nthabwala, osafunsa kuti amene anali kuigwiritsabe ntchito kumidzi ya ku America alowera kuti.

Tisaiwalenso kumene tinachokera. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makalata a pa kompyuta oyamba m'dziko muno ankadutsira ku Chancellor College ku Zomba pa njira ya Fidonet. Kompyuta inkaimba lamya, kupereka makalata amene yasonkhanitsa, kulandira obwera, n'kudula. Kampani ya MalawiNet inadzayamba kugulitsa intaneti mu 1997. Anthu a nthawi imeneyo ankadziwa kuti mphindi iliyonse ndi ndalama, choncho ankalemba zofunika zokhazokha, ndipo uthenga unkafika. Umenewo sunali umbuli. Unali ulemu kwa wolandira.

Ndipo amene akuti zakale n'zotayira kudzala akafunse a ku Egypt. Kumapeto kwa Januwale 2011 boma la Hosni Mubarak litazimitsa intaneti, ena anafukula mamodemu akale n'kumaimba manambala a kunja, monga amene bungwe la French Data Network linapereka, ndipo mawu awo anatuluka. Kanjira kakang'ono kamene aliyense ankakaseka ndi kamene kanatsala msewu waukulu utatsekedwa. Amalume, amene anakhala zaka zambiri akusamala chilichonse cholemba m'kalata yobwera kumudzi, sanafune kuti ndiwamasulire phunziro limeneli.

Inu amene mukuseka lero, mawa ndi inu. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwa nthawi zonse, ndipo Windows 11 imakana makompyuta ambiri amene akugwira ntchito bwinobwino chifukwa alibe zida zina zimene imafuna. Tayang'anani m'maofesi ang'onoang'ono, m'masukulu ndi m'malo otayipira makalata m'tauni muno, muone kuti ndi makina angati ogula kale ntchito amene chigamulo chimenechi chikuwakhudza. Mnzanga wokonza uja akuti ambiri angapulumuke ndi Linux yopepuka, imene ndi yaulere. Koma ndani akuuza anthu zimenezi? Wogulitsa zatsopano sangakuuzeni.

Choncho pempho langa likupita kwa amene tingawafikire. Makampani a ku America satimva, koma masamba a maofesi a boma, mabanki, masukulu ndi nyuzipepala zathu amapangidwa ndi ana athu omwe, ndipo amalipiridwa ndi ndalama zathu. Inu mabwana amene mumasainira ntchito zimenezi, lekani kuyesa tsamba pa kompyuta yatsopano ya muofesi mwanu. Kaliyeseni pa foni yotchipa, ku Ndirande kapena ku Mchesi, ndi bandulo ya tsiku limodzi. Chidziwitso cha ntchito, zotsatira za mayeso, mitengo ndi mafomu zilembedwe m'mawu enieni, osati kujambula pepala n'kutipachika chithunzi cholemera. Chithunzi cha bwana akudula riboni chikhale cha amene wachifuna. Ndipo ife atolankhani tiyambe ndife, chifukwa masamba athu ena ndi amene ali patsogolo kudya mabandulo a owerenga.

Kalata ija inafika ku Zambia ndipo yankho linabwera patatha masiku awiri. Nditawawerengera, amalume anakhala chete kanthawi, kenako anandifunsa kuti kodi pa tsiku limene ine sindidzakhalapo adzatuma ndani. Ndinalibe yankho. Munthu amene mu 1999 ankadzitumizira yekha makalata, lero akudikira mwana wa mlongo wake abwere ndi foni, ndipo ife tikuti chimenechi n'chitukuko. Modemu yawo ayibwezera m'bokosi, kompyuta ayifunditsanso chitenje. Inu opanga masamba, wakutsina khutu ndi mnansi: pepuzani katunduyu.