Madzi a m'chitsime chanu achokera kuti?

Mwezi wathawu aphunzitsi aakulu a sukulu ina ya pulayimale kuno ku Liwaladzi anandipempha kuti ndikacheze ndi ana a Sitandade 6 ndi 7 za kusamba m'manja. Nkhani imeneyi ndaikamba kambirimbiri, ku tchalitchi, kwa amayi a Dorika, ngakhale kusikelo, moti ana ena amandimalizira mawu ndisanafike pakati. Tsiku limenelo ndinati ndiyambire kwina.

"Madzi amene mwasamba m'mawa uno achokera kuti?"

"Pachitsime!" Ena, "Kunyanja!"

"Nanga m'chitsimemo analowamo bwanji?"

Kalasi yonse zii. Kenako mtsikana wina anaimirira n'kulakatula m'Chingerezi phunziro lonse la kayendedwe ka madzi kuchoka panyanja kupita kumitambo n'kubwereranso, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Anzake anamuwombera m'manja. Nditamufunsa ngati zimenezo zikukhudzana ndi chitsime cha kwawo, anandiyankha mwaulemu: "Ayi amayi, zimenezo ndi za mayeso."

Sindikuwanena aphunzitsi. Kalasi imadzaza mpaka pakhomo, mabuku ndi operewera, ndipo kuyambira Sitandade 5 zonse zimaphunzitsidwa m'Chingerezi. Koma yankho la mwana uja linandisowetsa tulo. Ife ndi anthu a m'mphepete mwa nyanja. Mliri wa kolera umene unayamba m'dziko muno mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700, ndipo Nkhotakota sanatsale. Ngati pali ana ofunika kudziwa njira ya madzi, ndi athuwa.

Mlungu wotsatira ndinabwereranso ndi mabotolo awiri a pulasitiki odula kunsi, titamanga kansalu kukamwa kwake n'kuwazondotsa. M'limodzi tinathira mchenga wa kunyanja, m'linalo katondo wa kumtunda. Tinathira madzi a matope ofanana m'mabotolo onse, ana akuwerenga mokweza. Mumchenga madzi anayamba kudontha asanafike patali ndi kuwerengako. M'katondo tinadikira mpaka ena anatopa.

Chimene chinawadabwitsa n'chakuti madzi otuluka mumchenga anali oyererapo. Mnyamata wina anafunsa, "Ndiye tingamwe?" Limeneli ndilo funso limene ndinkaliyembekezera. Mchenga umagwira matope, koma tizilombo toyambitsa kolera ndi matenda ena otsekula m'mimba sitioneka ndi maso, ndipo ngati mtunda uli waufupi timadutsa limodzi ndi madziwo. Madzi a m'chitsime ndi mvula yomweyo imene inalowa pansi n'kumayenda pang'onopang'ono pakati pa mchenga. Ngati panjira yake pali dzenje la chimbudzi, amadutsanso pamenepo. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime ndi mamita osachepera 30, ndiponso chikhale kumunsi kwa chitsimecho. Kuno kwathu, kumene munthu sukumba kwambiri usanapeze madzi ndipo maenje amagumuka m'dzinja, lamulo limeneli si lochita kunyengerera.

Za mitambo tinaonera pa beseni. Tinathiramo madzi, n'kuphimba ndi pepala la pulasitiki, n'kuliika padzuwa. Pofika nthawi yopuma kunsi kwa pepalalo kunali madontho mbwee. Ndinawauza kuti nyanja yathu ndi beseni lomwelo. Mitsinje yothira m'nyanjamo ndi yambiri, Dwangwa, Bua, Linthipe, Rukuru, Songwe, koma wotulutsa madzi ndi Shire yekha ku Mangochi. Ndipo madzi amene amakwera kumwamba ngati nthunzi ndi ochuluka kwambiri kuposa amene amatuluka mu Shire. Ana a asodzi sanakhulupirire. Kunena zoona, nanenso nditamva koyamba ndinakayika.

Apa mpamene kusintha kwa nyengo kunalowera mosavuta. Utsi wa mafuta a galimoto, malasha a m'mafakitale ndi nkhalango zotenthedwa ukuchititsa kuti dziko lizisunga kutentha. Akatswiri anapeza kuti mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umatha kunyamula nthunzi yochulukirapo ndi magawo pafupifupi 7 pa 100 alionse. Mpweya wosenza madzi ambiri ukatula, umatula nthawi imodzi. Ana awa safunika kuwauza za maiko akutali. Akukumbukira kumapeto kwa February 2024, pamene madzi anasefukira ku Dwangwa, msewu wa M5 n'kuduka, mabanja n'kukagona m'misasa. Akukumbukiranso chaka chomwecho nyanja itakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'minda. Madzi otere akamadutsa sasankha, amakokolola za m'chimbudzi n'kukazisiya m'chitsime.

Pali zinthu ziwiri zimene sindigwirizana nazo pa kaphunzitsidwe ka nkhaniyi. China ndi kuopseza ana ngati kuti dziko lawonongeka chifukwa cha iwo. Utsi wambiri ukuchokera kumaiko olemera, osati pamafuwa a agogo awo. China ndi kukankhira zonse ku kusintha kwa nyengo, ngati kuti ife tilibe mbali. Tinathira ndowa imodzi ya madzi pamalo a udzu kuseri kwa kalasi, ina pabwalo losesedwa bwino. Paudzu madzi analowa pansi. Pabwalo anathamanga atatenga dothi. Mwana amene waona zimenezi amamvetsa yekha chimene chimachitika tikatentha makala kumapiri ndi kulima mpaka m'mbali mwenimweni mwa mtsinje, ndipo nyengo yodzala mitengo ikayamba pa 15 December sadzala chifukwa choopa chikwapu.

Tinawasiyira ntchito ziwiri. Botolo lokhala ndi rula lili pamtetete pasukulupo, ndipo m'mawa uliwonse mwana mmodzi amalemba m'kope kuchuluka kwa mvula. Makolo, atsogoleri a Pathfinder, izi sizifuna ndalama, mukhoza kuyamba Lamlungu likubwerali. Ntchito yachiwiri inali yoti aliyense akawerenge mapazi aakuluakulu kuchokera pachimbudzi cha kwawo kufika pamene amatunga madzi.

Ndinaiwala kuti mwana wanga womaliza ali m'kalasi lomwelo. Madzulo ndikupeta mpunga ndinamuona akutambalala miyendo kuseri kwa nyumba, milomo ikugwedera. Anabwera n'kugwada.

"Amayi, kwathu kuno ndapeza 17."

Ine amene ndimayenda khomo ndi khomo kulangiza anthu! Chitsimecho tinachipeza, chimbudzi tinakumba pamene panali malo, ndipo zaka zonsezi sindinayesepo. Abambo ake anayamba ndi kukana, ati madziwo tamwa kuyambira kale ndipo tili moyo. Mwanayo sanatsutsane nawo. Anangotenga botolo lake la mchenga n'kuthira madzi iwo akuona. Sanayankhe kanthu usiku umenewo, koma mapemphero a m'mawa atatha ndinamva akufunsa kumene kuli khasu.

Dzenje latsopano lili kumunsi, mapazi 36, tawaka ndi njerwa kuti lisagumuke, ndipo lakalelo talikwirira. Chitsime sichiyera tsiku limodzi, choncho madzi akumwa tikuthirabe klorini, ukatha timawiritsa, n'kusunga m'chigubu chotseka. Aphunzitsi anandiuza kuti mwa ana amene anabweretsa mayankho, ochepa okha ndi amene anapeza mapazi 30. Tagwirizana ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lino kuti tiyendere makomo amenewa mvula isanafike pachimake, kuyambira ndi a kufupi ndi nyanja.