Moto wa M'chipala Usazime ku Lifuwu

Ku Lifuwu, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Salima, mlimi wa mpunga ndi msodzi onse aŵiri amadalira chitsulo. Mlimi amafuna khasu ndi zenga, msodzi amafuna sompho yosemera bwato. Zida zimenezi zikabuntha kapena kuthyoka, amene amazikonza ndi wosula. Koma n'zomvetsa chisoni kuti achinyamata otsiriza sukulu amanyansidwa ndi mvukuto, poganiza kuti ntchito ya mwaye ndi ya anthu osaphunzira.

Maganizo otere ngolakwika. Amaravi akale ankayenga chitsulo kuchokera m'miyala, ndipo mabwinja a ng'anjo zadothi akuonekabe m'nkhalango ya Kasungu. M'chaka cha 1859 David Livingstone anapeza Amang'anja akusula makasu, mipeni ndi mikondo. Ena amatinso dzina lakuti Malaŵi linachokera ku malaŵi a ng'anjo zomwezo. Kodi mtundu unganyoze bwanji luso limene unatchuka nalo?

Masiku ano wosula sayenganso miyala. Amatola masipuling'i a galimoto zakutha, nawaika pamakala mpaka atafiira, nawasula ndi nyundo. Akaviika mpeni wamoto m'madzi umalimba, koma umathyoka msanga ngati sauwothetsanso pang'ono. Zimenezi ndi sayansi yomwe aphunzitsi amalemba pabolodi, ana nkumaloŵeza osaiona ndi maso.

Ena adzati makasu a m'sitolo ndi ambiri, ndipo makala akutha mitengo. Zoonadi. Komabe sitolo imangogulitsa, sikonza. Zenga ikathyoka mpunga utacha, mlimi sangataye tsiku kupita ku Salima. Za makala, wosula aliyense ayenera kukhala ndi nkhalango yakeyake yodzala yekha.

Choncho aphunzitsi a ku Lifuwu atengere ophunzira awo kuchipala, akaone chitsulo chikufeŵa. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, pamodzi ndi Salima Technical College ya ku Senga Bay, ayese osula a m'midzi ndi kuwapatsa masetifiketi, kuti mwana wophunzira kwa iwo asachite manyazi.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mnyamata amene akudikira kalata ya ntchito yochokera ku Lilongwe akhoza kudikira zaka zambiri, pamene nyundo ili pafupi ndi kwawo. Wosula wokalamba akamwalira wopanda wophunzira, nzeru zake zimaikidwa naye m'manda, ndipo palibe buku limene lingazidzutse.