Nyerere Zimachedwa Kuulula Nthenda ya Shuga

Alipo anthu ambiri, ngakhale ophunzira a m'maofesi ndi a m'masukulu, amene amakhulupirira kuti munthu alibe nthenda ya shuga ngati nyerere siziunjikana pamene wataya madzi. Maganizo amenewa ndi oopsa, ndipo ayenera kuwongoledwa.

Nzoona kuti nzeru za madokotala zinayambira pa mkodzo. Mu 1674 Thomas Willis wa ku England analemba kuti mkodzo wa odwala otere umazuna ngati uchi. Mu 1909 Stanley Benedict wa ku America anafalitsa njira ya mankhwala amadzi abuluu, amene akawiritsidwa pamodzi ndi madontho a mkodzo wa shuga amasanduka achikasu kapena ofiira ngati njerwa yootcha. Mu 1956 panabwera timapepala tongoviika, ndipo ntchito inapepuka.

Koma impso za munthu sizitaya shuga msanga. Kawirikawiri zimamusunga kufikira atapitirira mamiligalamu 180 mu mamililita 100 a magazi. Pamene Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse limati munthu woyezedwa m'mawa asanadye kanthu, akapezeka ndi 126 kapena kuposerapo, ali ndi nthendayi, makamaka zikatsimikizika pomuyezanso tsiku lina. Tsono pakati pa 126 ndi 180 pali anthu odwala amene mkodzo wawo suonetsa kanthu, chikhalirecho nthenda ikudya maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi mwakachetechete.

Chifukwa chake mboni yodalirika ndi magazi. Dontho limodzi la pachala limapereka yankho nthawi yomweyo. Palinso muyeso wa kulabotale wotchedwa HbA1c, umene bungwe lija linauvomereza mu 2011. Umenewu umaonetsa mmene shuga wakhalira pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, kotero kuti kudzimana tiyi wa shuga dzulo lokha sikungaunamize.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kalaliki amene amatandala pampando tsiku lonse, ndi mphunzitsi amene thupi layamba kumulemera, makamaka ngati nthendayi ilipo ku mtundu kwawo, sayenera kudikira ludzu losatha kapena chilonda chosapola. Anthu a kumudzi amayang'ana kwa iwo. Akaona aphunzitsi awo akupereka chala kuchipatala ali bwinobwino, nawonso adzaleka kufunsira kwa nyerere.