Tisapime galimoto yamagetsi ndi muyeso wa petulo

Awerengi athu okhala mumzinda wa Lilongwe ayamba kuona, mwa apo ndi apo, galimoto ikudutsa mumsewu wa Kamuzu Procession mwakachetechete, yopanda utsi ndiponso yopanda kulira kwa injini. Magalimoto oyendera magetsi afika m'dziko muno. Akadali ochepa ndithu, ndipo eni ake ambiri ndi mabungwe ndi anzathu a kumayadi. Komatu msewu umene amayendamo ndi wa tonse, kotero nkhani ya kalembera ndi kapimidwe kake ikukhudza ngakhale mayi wogulitsa tomato pamsika wa ku Old Town, amene sanalotepo zogula galimoto.

Kuti magalimoto amenewa achuluka, palibe chokayikitsa. Amene anagona pamzere wa mafuta m'zaka za 2022, 2023 ndi 2024 safuna kuuzidwa chifukwa chake. Dontho lililonse la petulo ndi dizilo timaligula ndi ndalama zakunja, nkulinyamula ulendo wautali kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Ndipo pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wake unakwera nthawi yomweyo. Magetsi, ngakhale amazimazima, ndi athu: amachokera mumtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo kuyambira mu 2021 ena akuchokera ku dzuwa la ku Salima.

Vuto ndi lakuti malamulo athu a pamsewu ndi akulu msinkhu kuposa magalimotowa. Lamulo la Road Traffic Act linakhazikitsidwa mu 1997, pamene Nissan Leaf, imodzi mwa magalimoto amagetsi oyamba kugulitsidwa mwaunyinji, inatuluka ku Japan mu 2010. Sitikuloza chala amene analemba lamuloli; iwo analembera magalimoto amene ankawaona. Galimoto imene ankaidziwa inali ndi thanki, mpope wa utsi ndi injini yokhala ndi ma cc, ndiye kuti kukula kwa zipinda zimene mafuta amapseramo. Pa ma cc amenewa tinamangapo zambiri. Bulubuku imafuna nambala ya injini ndi kukula kwake. Msonkho wa galimoto yolowa m'dziko takhala tikuuwerengera poona zaka zake ndi ma cc ake. Ngakhale msonkho wa utsi umene unayamba mu 2019 unayamba poyang'ana ma cc omwewo.

Tsono galimoto yamagetsi ilibe ma cc, pakuti mulibe chimene chimapsa m'kati mwake. Kalaliki wakhama akapeza pafomu mpata umene sangausiye wopanda kanthu, amayesedwa kulembapo nambala yongoganizira kuti mwini galimoto asabwerere chimanjamanja. Cholinga nchabwino, koma cholembedwacho ndi bodza, ndipo bodza likalowa m'kaundula wa Boma limatsatira galimotoyo moyo wake wonse: kwa a inshuwaransi pa tsiku la ngozi, kwa wapolisi pa rodibuloko, pachipata cha Mchinji kapena Dedza, ndiponso kwa munthu amene adzaigule mawa. Chofunika kulembedwa ndi mphamvu ya mota yake m'makilowati, kukula kwa batire lake, ndi nambala ya batirelo, popeza ndilo chuma chenicheni cha galimotoyo ndipo ndilo limene mbala ingafune kusinthanitsa. Kaundula ayeneranso kusiyanitsa galimoto yamagetsi okhaokha ndi zosakaniza monga Toyota Aqua, kapena Nissan Note e-Power imene ili ndi injini ya petulo yongodzaza batire osati kuzunguza matayala.

Koma pamene pagona nkhawa yathu yaikulu ndi pa chiphaso cha COF. Ena amaopa kuti wopima magalimoto adzakaniza galimoto yamagetsi chifukwa chosaimvetsa. Ife tikuopa zosiyana ndi zimenezo: kuti adzaipatsa chiphaso mosavuta, asanaone nkomwe malo amene pali ngozi. Adzayang'ana utsi, sadzaupeza. Adzafuna oilo wodontha mu injini, sadzamupeza. Nyali zikayaka, hutala ikalira, matayala akakhala ndi mano, kapepala kadzamatidwa pagalasi, ndipo aliyense adzakhulupirira kuti Boma laona galimotoyo ndipo lakhutira nayo.

Taonani zimene zatsala osaonedwa. Batire la galimoto ya petulo lili ndi mavolti 12. Makaniko wa pansi pa mtengo amaligwira ndi manja osaopa kanthu. Batire loyendetsa Nissan Leaf lili ndi mavolti pafupifupi 360, okwanira kupha munthu, ndipo nchifukwa chake mawaya ake amakutidwa ndi mtundu wa lalanje kuti akhale chenjezo. Batire limeneli, lolemera pafupifupi makilogalamu 300 m'magalimoto oyambirira, limakhala kunsi, pansi pa mipando. Aliyense wodziwa mahampu ndi maenje a m'misewu yathu nthawi ya dzinja angathe kuganiza yekha zimene chikhokho cha batirelo chimakumana nazo. Sitikunena kuti magalimotowa amapsa kawirikawiri kuposa a petulo, ayi. Tikunena kuti batire lovulala likayaka limavuta kuzimitsa, limafuna madzi ambiri, ndipo lingathe kuyakanso patapita maola anthu atabalalika. Wopima amene sanalowe kunsi kukaona chikhokho ndi mawaya a lalanje aja, sanapime galimotoyo.

Mabuleki nawo ali ndi khalidwe lina. Woyendetsa akachotsa phazi, mota imabweza liwiro yokha nkumabwezera mphamvu m'batire, motero mabuleki enieni amagwira ntchito pang'ono ndipo angathe kuchita dzimbiri mwini wake osadziwa, mpaka tsiku limene mwana adzathamangire mumsewu.

Palinso nkhani ya wogula. Magalimoto ambiri m'dziko muno ndi akale ochokera ku Japan, ndipo amagetsi adzabwera njira yomweyo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Galimoto ya petulo yotopa imadziulula yokha ndi utsi ndi phokoso. Yamagetsi yotopa imanyezimira ngati yatsopano. Leaf yoyambirira, ngakhale ili yatsopano, sinkapitirira makilomita 200 isanafune kudzazidwanso, ndipo batire lake limafooka ndi zaka, makamaka kumalo otentha. Mphunzitsi wopuma ntchito angathe kuthira ndalama zake zonse za penshoni pa galimoto yosafika ku Salima, ndipo akafunsa mtengo wa batire lina nkupeza kuti ukupikisana ndi wa galimoto yomwe. Mphamvu yotsala m'batire imapimika ndi kachipangizo kakang'ono kolumikiza pagalimoto. Nanga chingatiletse nchiyani kulamula kuti chiwerengero chimenechi chilembedwe pamene galimoto ikulowa m'dziko, ndiponso chaka chilichonse pa COF? Bungwe la Malawi Bureau of Standards lingathe kuika malire a batire lololedwa kulowa, kuti dziko lathu lisasanduke dzala la mabatire akufa a mayiko ena.

Kachetechete uja amene tamutchula poyamba ndi wokoma kumayadi, koma mumsewu wa Malangalanga, pafupi ndi depoti ndi msika, anthu amawoloka ndi makutu kuposa maso. Ganizirani za anzathu osaona, ndi ana. Mayiko a ku Ulaya analamula kuti kuyambira mu July 2019 mitundu yatsopano ya magalimoto amagetsi izitulutsa kaphokoso kochenjeza ikamayenda pang'onopang'ono. Wopima wathu ayenera kumva kaphokoso kameneka ndi makutu ake. Ndipo monga dziko la China linayamba kupereka nambala zobiriwira mu 2016, Britain nkuika chizindikiro chobiriwira pa nambala mu 2020, ifenso tiike chizindikiro, kuti ozimitsa moto a Khonsolo ndi okoka magalimoto owonongeka adziwe ali patali chimene akuchiyandikira.

Eni magalimotowa tiwauzenso mawu amene mwina sawakonda: walira mvula walira matope. Pa lita iliyonse ya mafuta pali ndalama ina imene imapita ku thumba lokonzera misewu la Roads Fund Administration. Galimoto yamagetsi imalipira pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke ngati ina iliyonse, koma ikamazungulira pakati pa Area 10, City Centre ndi Old Town siponyamo ngakhale tambala. Ndiye kuti wokwera minibasi kuchokera ku Kawale, amene mtengo wa mafuta uli m'kati mwa ndalama imene amapereka kwa kondakitala, akulipirira phula loyendapo bwana. Zimenezi si chilungamo. Ngakhale Boma litachotsa msonkho wonse wa pachipata pofuna kulimbikitsa magalimotowa, pakhale kandalama kapachaka ka msewu, kolipiridwa pa COF, kowerengedwa poona kulemera kwa galimoto kapena makilomita amene yayenda. Kakhale kochepa, kuti wosiya petulo aone phindu lake, koma kakhalepo.

Alipo amene akuti tidikire magalimotowa achuluke kaye. Amenewa akumbuke nkhani ya njinga zamoto za kabaza. Zinabwera pang'onopang'ono, tinkaziona ngati zochepa, ndipo pamene tinadzidzimuka zinali zitadzaza misewu, zambiri zopanda nambala, oyendetsa ake opanda ziphaso, zipatala zathu zikulandira ovulala. Kulemba m'kaundula chinthu chimene chafalikira kale ndi ntchito yowawa kwa Boma ndi kwa eni ake omwe. Ndipotu njinga zamoto zamagetsi nazonso zili m'njira yomweyi.

Zambiri mwa zimene tanenazi sizifuna kugwetsa lamulo lonse la 1997. Lamulolo limapatsa Nduna mphamvu yopanga malamulo ang'onoang'ono, ndipo fomu ndi ndandanda wa zopima zingasinthidwe kudzera m'njira imeneyi. A Directorate of Road Traffic and Safety Services, a MRA ndi a MERA akhale pansi pamodzi, kuti mwini galimoto asamauzidwe zosiyana pa ofesi iliyonse. Sukulu ya Lilongwe Technical College ndi ya MUBAS ku Blantyre ziphunzitse opima ndi amakaniko kagwiridwe ka magetsi amphamvu. Sikofunika kuti malo onse opimira magalimoto akhale okonzeka chaka chino. Malo amodzi ku Lilongwe, amodzi ku Blantyre ndi amodzi ku Mzuzu, okhala ndi dzenje lopimira, magolovesi otchinga magetsi ndi opima awiri ophunzitsidwa, ndi okwanira poyambira.

Pakadali pano, inu amene mwagula kale galimoto yotere, werengani bulubuku yanu musanachoke pa ofesi. Mukaona palembedwa petulo kapena ma cc amene galimoto yanu ilibe, pemphani mwaulemu kuti akonze tsiku lomwelo, ndipo onetsetsani kuti a inshuwaransi alemba zofanana ndi zimenezo.