Chipangizo Chodula, Koma Mugwira Nacho Nchito Yanji?

Imwe amene mumapita pa Katondo Street kukagula foni, ni funso lanji limene mumayamba nalo? Simufunsa za purosesa iyai. Mumati, "Boss, WhatsApp igwira? Nanga mobile money?" Foni ingakhale yokongola bwanji, ngati ilibe ma app amene mufuna, mumaibweza pa tebulo. Kumbukani ma Nokia Lumia aja a Windows. Kamera inali bwino, mitundu yowala, koma ma app ambiri munalibe, ndipo lero simungaione m'thumba la munthu.

Nkhani imeneyi ndiye yavutitsa makampani akuluakulu a ku America pa vipangizo vija vovala kumaso va virtual reality, kapena kuti VR. Mukavala, maso anu amaona malo ena: ofesi, nyumba imene ikalibe kumangidwa, olo mkati mwa injini. Va masewera vinapeza kale anthu ake. Vuto ili pa vimene amati ni va nchito.

Mu October 2022, kampani ya Meta, eni ake a Facebook na WhatsApp, inatulutsa Quest Pro pa mtengo wa $1,499. Ati ichi si cha ana, ni cha anthu a m'maofesi, muzichitiramo miting'i na kugwira nchito pamodzi olo muli kutali. Pa tsiku lolengeza, mkulu wa Microsoft, Satya Nadella, analonjeza kuti Teams na mapulogalamu a Office azabwera. Koma lonjezo simungagwirire nchito. Amene anagula anapeza batire ya ola imodzi kapena awiri chabe, na miting'i ya tuvidole topanda miyendo. Chimene laputopu na Zoom vinali kuchita kale bwinobwino, apa unali kuchita utanyamula katundu pamutu. Pofika March 2023 mtengo unatsika kufika $999, ndipo pambuyo pake Meta inaleka kuchigulitsa.

Apple nayo inabwera na Vision Pro, imene inayamba kugulitsidwa ku America pa 2 February 2024 pa $3,499. Amene anayesa anatamanda kuwala kwa zithunzi. Apple inakamba kuti pali ma app opitilira 600 opangidwira chipangizochi. Koma pa tsiku loyamba Netflix, YouTube na Spotify analibe ma app awo mmenemo. Tangoganizani, mwalipira ndalama zonsezo, manje filimu ya Netflix muziitsegula pa browser. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wopanga app amafuna malo amene muli anthu ambiri, kuti ndalama zimene waononga zibwerere. Wogula nayenso amayembekeza ma app ayambe achuluka. Aliyense ayang'ana mnzake kuti ayambe ndani. Ndiye ngati mwini chipangizo sanakonzeretu app olo imodzi yamphamvu pa tsiku loyamba, anthu amavala sabata imodzi, kujambulitsa, basi chalowa m'kabati.

Mbiri ionetsa kuti app imodzi ikwanira. Mu 1979 kunatuluka VisiCalc, pulogalamu ya matebulo a masamu, gogo wake wa Excel. Inayamba pa kompyuta ya Apple II, ndipo anthu a bizinesi anali kugula kompyuta yonse chifukwa cha pulogalamu imeneyo chabe. Ukasintha nambala imodzi, zonse zidzikonza zokha, nchito ya tsiku lonse yatha m'mphindi zochepa. Kuno kwathu BBM inagulitsa ma BlackBerry, kenaka WhatsApp inatigulitsa ma Android.

Sindikamba kuti VR ni yachabechabe. Pamene nchito yake idziwika, imagwira. Mu 2018 sitolo yaikulu ya Walmart inagula ma Oculus Go 17,000 ophunzitsira anchito ake. Sanagule kuti aoneke apamwamba, anali adziwa kale phunziro limene lizalowemo. Chimodzimodzi wojambula mapulani angakuyendetseni m'nyumba yanu njerwa ikalibe kuumbidwa, muone kuti khichini yachepa musanaononge simenti. Wophunzira kuyendetsa makina oopsa angalakwitse kakhumi popanda kuvulala.

Manje tsiku lina wina azabwera ku ofesi kwanu, ku koleji ya mwana wanu, olo pa gulu la WhatsApp la bizinesi, atanyamula bokosi, ati tsogolo ni ili, musatsalire. Musachite manyazi kufunsa monga mufunsira pa Katondo. Ni app iti yeniyeni imene tizatsegula Lolemba m'mawa? Ilipo lero, kapena ni ija ya "izabwera"? Ichita chani chimene laputopu ikangiwa? Ifuna intaneti yambiri bwanji, nanga malaiti akapita batire ikhala maola angati? Ngati wogulitsa ayamba kuzungulira na mau akuti "experience", mupempheni akuvalikeni, akuonetseni nchito imodzi kuyambira poyamba mpaka pothera. Akakangiwa, ndalama zanu zikhale m'thumba. Meta yeniyeni inadula $500 m'miyezi isanu, ndiye imwe muthamangira chani?

Tionana sabata yamawa.